Chinyezi m'Kalavani Yathu

Fort McMurray, 18 Okutobala 1998

Loretta wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, iwe ndi mwana wathu Shauna, ndiponso kuti chifuwa chake chagonako. Ine ndili bwino. Milomo yokha ndiyo yang'ambika, chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma moti malaya ukachapa m'mawa, masana wavala. Ndikamapuma ndimakumbuka mawu a dokotala uja, oti mphumu ya Shauna ikufuna dziko louma, osati chifunga cha kwathu ku Newfoundland. Dziko lake ndi lino, Loretta.

Pa foni sinditha kulankhula. Mafoni alipo awiri pa kampu yonse ya antchito imene tikugonayi, ndipo kumbuyo kwako kumakhala chigulu cha amuna akutsokomola dala kuti ufulumire. Choncho zenizeni ndizikulembera.

Malo ndawapeza. Mayi wina, dzina lake Dubois, ali ndi bwalo loimikapo makalavani, tinyumba tokoka ndi galimoto tija, kunja kwa tauni. Pali madzi, pali magetsi, ndipo basi ya sukulu imaima pageti pomwe. Watisungira malo a nambala 14 kuyambira Meyi. Nyumba ya lendi kuno usaiganizire n'komwe, mtengo wake ungakugwetse pampando. Ndiye kalavani yathu ija ndiyo nyumba yathu. Ikadutsa nyengo yozizirayi ili bwino, ndidzabwera kumapeto kwa Epulo kudzaikoka, tidzakhale pamodzi atatu. Ikawonongeka palibenso pena pokusungani.

N'chifukwa chake ndikubwereza kuti lona lija wina asalikhudze. Ndinalikulunga kawiri, n'kumanga ndi chingwe cha ukonde mpaka kunsi kwa matayala. Tizenera ta padenga ndinamata ndi tepi, ngakhale kampata ka kuseri kwa firiji ndinatseka. Ndasiya chitseko chokha kuti uzisuzumiramo. Mphepo ya kwathu ku Lance Arm ndimaidziwa ine, inatisasulira shedi kawiri. Mchimwene wako Wince anaima pamenepo manja ali m'thumba, amvekere, "Alamu, mwaimanga chonchi ipumira pati?" Ndinamuyankha kuti kalavani si ng'ombe. Munthu woti boti lake linamira lili chimangire padoko asandiphunzitse za madzi. Akabwera ndi nzeru zakezo umupatse tiyi azipita.

Nyama ya mphalapala ya m'mabotolo ija yatha kale, anzanga a m'chipinda anaitulukira. Ukamva za munthu wobwera kuno umupatsire ina. Shauna umuuze kuti bedi la pamwamba m'kalavanimo ndi lake, palibe womulanda.

Ndine mwamuna wako,
Ambrose

15 Novembala 1998

Loretta wanga,

Kalata yako yafika Lachinayi. Ndasangalala kumva kuti Shauna watha milungu itatu osagwira kabotolo kake kopopera m'kamwa. Ine ndili bwino ndithu, kungoti kuzizira kwayamba. Dzulo pa nsanja zachitsulo zimene timamangazi ndevu zanga zinauma gwa, anzanga n'kumanditcha agogo.

Wanena kuti utatsegula kalavani unapeza madontho a madzi pa galasi la chitseko, cha mkati, ndiponso kuti mukununkha ngati m'jombo. Usade nkhawa ndipo usathamangire kwa Wince. Madzi amenewo sakuchokera kunja, lona langa silidontha. Ndi chinyezi chimene chinatsalira muja titachapa makatani ndi makushoni, basi. Chofunika ndi moto.

Kumbuka nyumba ya malemu amayi ku tsidya kuja. Tikachokako mwezi umodzi, mabulangete ankanyowa okha ali m'bokosi. Amayi ankangosonkha mbaula masiku awiri, nyumba yonse n'kuuma. Iwenso uchite zomwezo. Masana aliwonse uziyatsa sitovu ya gasi ya m'kalavanimo, mbali zonse ziwiri, kwa ola limodzi kapena awiri. Chitseko uzitseka kuti kutentha kusathawe. Botolo la gasi ndinalisiya lodzaza, likatha ukadzazitse ku sitolo ya a Hynes. Ukatero sabata imodzi udzandiuza wekha.

Za Khirisimasi ndisakunamize, sindibwera. Tikiti ya ndege ya masiku amenewo ndi yofanana ndi matayala anayi atsopano a pikiapu, ndipo matayalawo ndi amene adzakubweretseni kuno. Komanso si nthawi yabwino yopempha tchuthi. Lachisanu anthu asanu ndi mmodzi anawauza kuti Lolemba asavutike kudzuka. Ine sanandiuze kanthu, ndiye tizingoona.

Ndatumiza kandalama ka nsapato za chisanu za Shauna. Umugulire zokulirapo pang'ono, chipale cha kuno sichisungunuka msanga, adzazivalanso chaka chamawa popita kusukulu yake yatsopano.

Ndakusowani nonse. Sindikudziwa kuti amuna enawa amatha bwanji zaka zisanu ali chonchi.

Wako,
Ambrose

Lachitatu, 9 Disembala 1998

Loretta,

Ndikupemphera kuti muli moyo nonse awiri. Za ine usafunse.

Usayatsenso sitovu ija. Ngati yayaka pamene ukuwerengapa, kazimitse, utulutse mwana, chitseko uchisiye chotsegula.

Lero pa nkhomaliro ndinkawerenga kalata yako, ija wanena kuti madzi akuchuluka m'malo mochepa, kuti tsopano akuyenderera m'makoma, ndiponso kuti Shauna akumalembera ntchito yake ya kusukulu m'kalavanimo poti mukumafunda, akuti ndi nyumba yake. Ndinaseka, n'kuwawerengera a Orest, mdala wa ku Saskatchewan amene ndimagwira naye ntchito. Kwawo amasunga makalavani a anthu m'khola lawo nyengo yozizira. Iwo sanaseke, anangoika buledi wawo pansi.

"Moto wake wa chiyani?" anandifunsa.

"Wa gasi."

"Mazenera?"

"Ndinamata onse. Ndi lona pamwamba."

"Ndiye mwana akumakhala momwemo, chitseko chotseka?"

Ndinavomera, n'kuwafotokozera za mbaula ya amayi ija. Anandiyang'ana ngati ndaba m'tchalitchi.

"Iwe Ambrose, mutu wako ukuyenda bwinobwino? Mbaula ya amako inali ndi chumuni, utsi ndi nthunzi zinkatulukira kunja. Gasi akamayaka amatulutsa madzi. Gasi yense amene mkazi wako wayatsayo wasanduka madzi, ali m'makoma akowo. Koma zimenezo zisiye kaye. Moto wa gasi m'kachipinda komata umadya mpweya wabwino n'kusiya wina wosanunkha. Munthu samva kuwawa, amangomva tulo. Ukukhaliranji? Dzuka kaimbe foni."

Ndinathamanga osavala n'chipewa chomwe. Foni yathu siikulira. Ya Wince siikulira, ya ku sitolo ya a Hynes chimodzimodzi, ya bambo mfumu chimodzimodzi. Mayi wolumikiza mafoni wandiuza kuti mvula youndana yagwetsa mawaya gombe lonse la kwathu kuyambira Lolemba, magetsi ndi mafoni omwe. Ndaimbira apolisi a kutauni, akuti msewu wa ku Lance Arm uli ngati galasi, apita akangothira mchenga.

Chimene chikundidya ndi ichi. Magetsi akazima, chotenthetsera nyumba chathu chimazimanso. Ndipo ndimakudziwa, Loretta, ndiwe munthu woganiza msanga. Uona nyumba yazizira, uona mwana akunjenjemera, ukumbuka kuti pabwalo pali kachipinda kofunda kamene mwamuna wako anakuuza kuti uzitseka chitseko chake.

Ndikudziwa kuti kalatayi ifika patatha sabata ndipo kuilemba ndi uchitsiru. Koma manjawa akufuna chochita. Ndabwerera pa foni kanayi, amuna a pamzere aleka kutsokomola, akungondipatsa njira. Ndili ndi mantha amene sindinakhale nawo ngakhale panyanja.

Ambrose

13 Disembala 1998

Make Shauna,

Dzulo nditamva mawu ako ndinakhala pansi pomwepo m'khonde foni ili kukhutu. Ndikuthokoza Mulungu kuti muli bwino. Ine ndayambanso kudya.

Ndakhala ndikubwereza m'mutu zimene unandiuza. Kuti Lolemba masana munalowadi m'kalavani ndi mabulangete. Kuti Shauna anagona pa buku lake, iwe mutu ukuwawa, n'kumaganiza kuti ndi chimfine. Kuti moto unazima wokha chifukwa botolo linatha, ndiye munapita kwa Wince, mwana n'kukasanza panjira. Botolo lija ukanakhala kuti unadzazitsanso monga ndinakuuzira... Sindimaliza, iwenso ukudziwa.

Unalankhula mawu ochepa kwambiri. Sindikukudandaula. Ndinakulamula ndine, iwe unangomvera.

Tsopano tipulumutse kalavaniyo, nthawi ikadalipo. Izi ndalemba a Orest akundiuza, si zanga ayi. Lona lichoke. Wanena kuti mfundo zanga zaundana sizikumasuka, ndiye dulani ndi mpeni, chingwe si kanthu. Umupemphe Wince, ndipo akafuna kuseka aseke. Ngati mukufuna kuphimba denga chifukwa cha chipale, muike mitengo pansi pa lona kuti likhale m'mwamba, m'mbali monse mukhale poyera mphepo izidutsa. Tepi yense achoke. Tizenera ta padenga titseguke mpata wa zala ziwiri, ndi zenera limodzi la mbali yosawomba mphepo.

Mkatimo utsegule makabati onse, madilowa, ndi chitseko cha firiji. Makushoni ndi matiresi uziimike chilili, kapena uzilowetse m'nyumba pafupi ndi moto. Upukute makoma ndi nsanza youma. Ku sitolo ya zitsulo kutauni amagulitsa mchere woyamwa chinyezi, woyera wa timibulu, paketi ndi madola asanu ndi limodzi. Ugule anayi. Uziuthira m'sefa, sefayo pamwamba pa ndowa, madzi azidonthera m'munsi, ndipo uziwataya Loweruka lililonse. Ukasowa, makala a nkhuni m'mabeseni amathandizako.

Ndinawafunsa a Orest ngati ichira. Anati, "Zitengera kuti madziwo akhala m'makoma nthawi yaitali bwanji." Ndinawauza kuti moto wayaka milungu iwiri ndi theka, lona miyezi iwiri. Anayamba kufunafuna magolovesi awo.

Shauna umupsompsone. Usamulole kulowamo mpaka ine nditanena.

Ambrose

24 Januwale 1999

Loretta wanga,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wachedwa. Ndikhulupirira kuti Shauna akupeza bwino tsopano. Ndalemba kuti tsopano chifukwa ndamva.

Ndamva kwa Clar, msuweni wa mkazi wa Wince, amene wafika pa kampu pano sabata yatha. Tili pa mzere wa chakudya anangoti, "Pepa za mwana, bwanawe. Masiku awiri m'chipatala pa Khirisimasi si zocheza." Ine mbale ili m'manja, n'kumagwedeza mutu ngati ndikudziwa. Ndakuimbira Lamlungu lililonse, Loretta. Unandiuza za keke ya amayi ako, unandiuza za chipale chimene chinatseka khomo. Za chipatala unaziika pati?

Clar akuti mwanayo ankazembera m'kalavani iwe ukapita kokagula zinthu, ndipo anatengamo pilo wa pa bedi lake la pamwamba n'kumagonera m'nyumba mobisa. Akuti pilo ameneyo mutamuvula nsalu munapeza kunsi kwake kuli bii ndi chuku. Ndakwiya, koma ndikafufuza woti ndimukwiyire ndikupeza ndine ndemwe, ndiye mkwiyowo ukungozungulira m'chipinda muno.

Akutinso tsiku limene Wince anadula lona, madzi anatsika m'mbali mwa kalavani ngati wina wakhuthula ndowa, ndipo Wince anangopinda mpeni wake n'kupita. Bola akanatukwana. Umuuze kuti ndathokoza.

Tsopano mvera. Chuku cha pamwamba chimachoka. Usakanize jiki ndi madzi, uvale magolovesi, umange nsalu pamphuno, utsuke paliponse pali madontho akuda, kuseri kwa makushoni, m'makona a makabati, kunsi kwa bedi. Matiresi ndi mapilo onse utenthe, tidzagula ena. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna undichitire ndipo undiyankhe mosazungulira. Upite pa khoma la pansi pa zenera lalikulu, ulidinikize ndi chala chachikulu mwamphamvu. Likakhala lolimba, tapulumuka. Likalowa ngati buledi, ndiye kuti matabwa a mkati avunda ndipo chuku chili kumene nsanza siifika. Ungondiuza chimodzi mwa ziwirizi.

Mayi Dubois akufuna yankho lenileni pofika kumapeto kwa Malichi. Ndawauza kuti tikubwera.

Ukamva kwa Clar za chala changa, usazitengere. Chaduka kansonga chabe, ndipo ndi dzanja lamanzere.

Wako nthawi zonse,
Ambrose

28 Febuluwale 1999

Loretta,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Pepa chifukwa cha Lamlungu lapita. Sindinayenere kukukalipira, makamaka anthu akumva mbali zonse ziwiri. Utaika foni ndinakhalabe nditaigwira kukhutu, n'kumayankhula ndekha kuti a pamzere asadziwe kuti wandidulira.

Koma nawenso taganiza. Makalata ako awiri afika, masamba atatu iliyonse. Ndikudziwa tsopano kuti galu wa a Hynes waswa ana asanu ndi awiri. Ndikudziwa amene anapsereza nyama ya mchere pa mgonero wa kutchalitchi. Ndikudziwa kuti mcherewo ukuusintha Loweruka lililonse ndipo ndowa ikumadzaza theka. Za khoma palibe ngakhale liwu limodzi. Ndikakufunsa pa foni umati kunali mdima, umati chitseko chinaundana, umati uona mawa. Kuchokera pakhomo la kukhitchini kufika pa kalavani ndi mapazi khumi ndi awiri, ndinawayenda ndekha nthawi zosawerengeka.

Kapena sukufuna kubwera? Ngati ndi choncho unene. Ndikudziwa kuti amayi ako akukalamba, ndikudziwa kuti sunachokepo pa Lance Arm kupitirira milungu iwiri chibadwire. Sindingakuone ngati woipa. Koma usabisale kuseri kwa kalavani, chifukwa ine kuno ndikugona ndi kudzuka ndi khoma limenelo.

Dzana ndinapita kukaona nambala 14. Chipale chafika m'chiuno, koma malowo ndi abwino, pali kamtengo kumbuyo. Mayi Dubois anatuluka atavala chijasi cha mwamuna wawo, amvekere, "Bambo Pardy, pali munthu wa ku Cape Breton, ana atatu, akubwera kuno tsiku ndi tsiku ngati ndinamulonjeza ukwati. Ine sindisungira malo anthu oganizaganiza." Ndinaseka nawo, koma kuseka kwake kwa mano okha.

Ngakhale khomalo litavunda, si mapeto. Khoma limodzi ndikhoza kuliphwasula n'kuika matabwa atsopano, masiku anayi ndamaliza, manja ndili nawo. A Orest akuti khoma silivunda lokha, koma mdala ameneyu sanaionepo kalavani yathu, ndipo chilichonse amachionera kumdima.

Shauna anandifunsa pa foni ngati kuno ku Alberta kuli nyanja. Ndinamuuza kuti kuli mtsinje waukulu ndi dziwe losambiramo la madzi ofunda. Akuti wayamba kale kulongedza zidole m'katoni.

Dinikiza khomalo, Loretta. Ndakupempha.

Ambrose

24 Malichi 1999

Loretta wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti manja ako akupola. Clar wandiuza kuti ang'ambika ndi jiki mpaka ukulephera kukanda buledi. Zimenezonso sunandiuze. Ine ndili bwino m'thupi.

Phukusi lako lafika Lolemba. Nditaona thumba la pulasitiki la buledi ndinaganiza kuti wanditumizira mabanzi ako a zoumba. Ndinalitsegulira pabedi. Fungo lake linadzaza chipinda chonse, mnzanga wa bedi linalo anathawira panja.

Ndaona chidutswa cha khomacho. Kunja kwake n'koyera, kukuoneka kuti unakutsuka kangapo mpaka maluwa a pepala lake anafufutika. Nditachitembenuza, mkati mwake muli bii, thonje la m'khoma lili nyowe, ndipo thabwa linanyenyeka m'zala zanga. Kenako ndinawerenga kapepala kako, kuti chimenechi sunachidule pansi pa zenera pamene ndinakuuza, chifukwa pamenepo chala chinalowa kale mu Januwale. Unachidula pafupi ndi bedi la pamwamba, pamene pakanakhala mutu wa Shauna, malo amene unkayembekeza kuti mwina apulumuka. Ndipo pansi pake walemba kuti, "Ndinayesetsa, Ambrose."

Ndiye miyezi iwiri yonseyi unkadziwa. Unkalowa m'menemo Loweruka lililonse ndi ndowa ndi nsanza, kutsuka chinthu chakufa, kuti mwina ungandipezere khoma limodzi labwino loti undiuze. Ine kuno n'kumakulembera kuti sukufuna kubwera. Kalata imeneyo uitenthe. Ndachita manyazi kwambiri, ndipo sindikudziwa kuti ndikupepese ndi mawu ati.

Ndinawaonetsa a Orest. Ananunkhiza kamodzi n'kumanga thumba. Anati, "Munthu wamkulu wa mapapo abwino akhoza kugonamo chilimwe chimodzi. Mwana wako ayi, ngakhale usiku umodzi." Sindinatsutse. Kutsutsa kwanga n'kumene kwatifikitsa pano.

Dzulo nditaweruka ndinapita kwa Mayi Dubois kukabweza nambala 14. Munthu wa ku Cape Breton uja anali pomwepo, anandigwira chanza ndi manja awiri. Ana ake ndinawaona m'galimoto, wamng'ono ndi msinkhu wa Shauna. Ndafunsafunsa za makalavani akale ogulitsa kuno, koma aliyense amene ali ndi denga ndi matayala akugonamo mwini wake. Pa kampu salola mabanja. Ndiye chaka chino sizitheka, ndipo za chaka chamawa sindilonjezanso kanthu mpaka nditachigwira m'manja.

Kalavaniyo umuuze Wince achotse sitovu, firiji ndi matayala, zotsalazo aone yekha chochita, bola zichoke pabwalo mwana asamazione.

Lamlungu lino sindiimba, ndikhala ndili pa ntchito. Ndapempha ndekha, ndisakubisire. Ndiimba Lamlungu la Pasaka mukangobwera ku Misa. Shauna akathamangira foni usamuletse, ndipo usamuuze kanthu pasadakhale. Zina zonse wazisenza wekha, iyi ndi yanga. Ungokhala naye pafupi, kabotolo kake kali m'thumba mwako, poti ukudziwa mmene chifuwa chake chimachitira akalira kwambiri. Masiku awiri tsopano ndakhala ndikuyeserera pa nsanja mawu oti ndimuuze, ndipo sindinapeze ngakhale oyambira.

Ndine mwamuna wako,
Ambrose